Manegetivu aakulu akamavuta: zizindikiro, zoyambitsa ndi zochita m'chipinda chamdima

Pepala lopakidwa platinamu, paladiyamu, cyanotype, Van Dyke kapena gum bichromate silimva kuwala kwa enlarger, makina okulitsira zithunzi. Limafuna kuwala kwa UV, kochokera ku dzuwa kapena ku nyali zopangidwira ntchitoyi, ndipo negetivu imagona pa pepalapo, galasi n'kuzipana pamodzi. Chithunzi chimatuluka msinkhu wa negetivuyo basi. Ndiye amene anajambula pa filimu ya 35mm kapena ya 120, koma mtima wake uli pa chithunzi cha mainchesi 8x10 kapena 11x14, sangachitire mwina koma kuyamba wapanga negetivu ya msinkhu womwewo.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba: kuchokera pa negetivu yaing'ono mumapanga pozitivu (zowala zili zowala, zakuda zili zakuda) pa filimu, imene amaitcha interpositive, ndipo kuchokera pa pozitivuyo mumakulitsa negetivu. Yachiwiri ndi ya reversal: mumakulitsa negetivu pa filimu yaikulu n'kuitsuka, mumachotsa siliva woyambayo ndi mankhwala a bleach, kenako mumatsukanso zotsalazo kuti zisanduke negetivu. Mafilimu okopera amene Kodak inkapanga, monga Professional Copy Film 4125 ndi SO-132, anasiya kupangidwa, kotero ambiri lero amagwiritsa ntchito filimu ya ortho litho, Ilford Ortho Plus kapena filimu ya X-ray. Madandaulo ochuluka amachokera pomwepa, chifukwa filimu ya litho anaipangira zilembo zakuda bii pa pepala loyera mbee, ife n'kumaikakamiza kuti itulutse zotuwa zonse zapakati.

Gwirani mfundo iyi musanapite patali: vuto limaonekera pa negetivu yaikulu, koma kawirikawiri limabadwira pa pozitivu. Anthu amatha bokosi la filimu akusinthasintha gawo lomaliza, pamene chimene akuchifunacho chinatayika kale pa gawo loyamba. Chimene pozitivu sinagwire, palibe developer (mankhwala otulutsa chithunzi pa filimu) imene ingachibweze.

## Musanayambe kufufuza

- Khalani ndi step wedge, kafilimu ka masitepe otuwa ochoka poyera kufika pakuda. Ya Stouffer ya masitepe 21 imakwera ndi density (kuda kwa filimu) ya 0.15 pa sitepe iliyonse; masitepe awiri, ndiye kuti 0.30, ndiwo sitopu imodzi ya kuwala, kutanthauza kuwirikiza kuwala kawiri kapena kukudula pakati. Muziigoneka m'mbali mwa chithunzi pa gawo lililonse.
- Isindikizeni kaye pa pepala limene mudzagwiritse ntchito. Werengani masitepe kuyambira pakuda penipeni kufika poyera, n'kuchulukitsa ndi 0.15. Yankho lake ndilo density range (kusiyana kwa pakuda kwambiri ndi popyapyala kwambiri) imene negetivu yanu iyenera kukhala nayo.
- Mongoyerekeza: pepala la siliva la grade 2 ndi gum bichromate zimafuna pafupifupi 1.0, cyanotype yachikale imapitirirako pang'ono, platinamu ndi paladiyamu zimafuna 1.4 mpaka 1.8, pamene Van Dyke ndi salt print zimayandikira 2.0 kapena kuposa.
- Mankhwala onse akhale pa madigiri 20 a Celsius.
- Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo lembani.

## Negetivu yakuthwa kwambiri: zakuda ndi zoyera zokhazokha

Ili ndilo dandaulo lalikulu kwa ogwiritsa ntchito litho. Nkhope imataya makwinya, mitambo imasanduka chigamba chimodzi, mithunzi imatsekeka.

1. Pozitivu yokongola m'maso. Iyikeni pa kuwala. Ngati ikuoneka ngati slide yabwino, yokhala ndi malo oyera oonekera kuseri, ndi yolakwika. Pozitivu yoyenera siisangalatsa: imaoneka yodera, yofewa, ngati kunja kwachita mitambo. Pamalo owala kwambiri pazikhala kautuwa, pafupifupi 0.3 kuposa m'mphepete mwa filimu mosawalitsidwa, ndipo tinthu tonse ting'onoting'ono tizioneka pamenepo. M'mithunzi namonso musatsekeke. Zochita: onjezani nthawi yowalitsa ndi theka la sitopu kapena sitopu yathunthu, ndipo chepetsani nthawi ya mu developer.
2. Developer yamphamvu. Developer ya litho ya A ndi B iyikeni patali. Ntchito yake ndi kupha zotuwa. Ambiri amasungunula kwambiri developer wamba: Dektol gawo limodzi ku magawo 10 a madzi kapena kuposa, Rodinal 1:100, kapena HC-110 yosungunula kuposa dilution B. Ena amasakaniza LC-1 ya Dave Soemarko, imene anaikonzera kufewetsa filimu ya litho. Yambani ndi imodzi, muidziwe bwino, musamadumphedumphe.
3. Negetivu yoyambayo ili kale ndi contrast (kusiyana kwa zakuda ndi zoyera) yambiri, kapena inatsukidwa mu developer ya pyro, monga PMK kapena Pyrocat-HD. Filimu ya ortho imamva kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, siimva kofiira. Utoto wachikasu kapena wofiirira umene PMK kapena Pyrocat-HD imasiya pa negetivu umatchinga buluu, ndiye filimu ya ortho imaona contrast yoposa imene maso anu akuona. Negetivu ya mitundu, yokhala ndi utoto wa olenji, imavuta koposa. Zikatere pangani pozitivu pa filimu ya panchromatic (yomva mitundu yonse ya kuwala) monga Ilford FP4 Plus, mu mdima weniweni, nyali yofiira itazimitsidwa.
4. Enlarger ya condenser. Kuwala kwake kolunjika kumakweza contrast, chimene amachitcha Callier effect, ndipo kumaonetsa fumbi lililonse. Ngati muli ndi mutu wa enlarger wa diffusion, womwaza kuwala, gwiritsani ntchito umenewo.
5. Developer yatentha. Pimani m'thireyi momwemo, osati m'botolo.

Ngati mwakonza zonsezi koma mbali yopyapyala ya filimu ikadali yopanda kanthu, yesani flashing: chotsani negetivu mu enlarger, tsekani lenzi mpaka f/16 kapena f/22, ndipo walitsani filimu yonse kwa kanthawi kochepa kosakwana kuidetsa pakokha. Pezani nthawiyo ndi kachidutswa koyesera.

Mafyuluta a pepala la multigrade sasintha contrast ya filimu, amangotalikitsa nthawi. Contrast ya filimu imasinthidwa m'thireyi.

Maganizo anga ndi akuti musalimbane ndi litho pa magawo onse awiri. Pozitivu ndi yaing'ono, ya msinkhu wa negetivu yoyambayo kapena 4x5, ndiye ipangeni pa filimu ya zotuwa zonse monga Ortho Plus, litho muisungire negetivu yaikulu kumene ukali wake umathandiza kufika pa 1.6 kapena 2.0. Litho pa litho n'zotheka, koma cholakwika chilichonse chaching'ono chimakula kawiri.

## Negetivu yofooka: chithunzi chikutuluka chotuwa, chopanda poyera

1. Mwaichotsa msanga m'thireyi. Pa nyali yofiira filimu imaoneka yakuda kuposa mmene ilili, komanso fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzi) ikachotsa utoto wa kumbuyo imaoneka yopyapyala kwambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tsukani motsatira wotchi, osati motsatira maso, ndipo muziweruza filimu itauma.
2. Mukuiyerekeza ndi negetivu ya pepala la siliva. Negetivu ya paladiyamu kapena ya salt print imaoneka yochititsa mantha kwa amene anazolowera manegetivu wamba. Step wedge ndiyo iweruze.
3. Developer yatha mphamvu. Vutoli limabwera kwa amene atsatira malangizo osungunula aja n'kuiwala kuti mu madzi ochulukawo mankhwala enieni ndi ochepa. Filimu yaikulu, makamaka ya chithunzi chokhala ndi malo owala ambiri, imawamaliza msanga. Chizindikiro chake: filimu yoyamba yabwino, yachiwiri yofooka ndi yofiirira. Thirani developer yambiri, lita imodzi kapena kuposa pa 8x10, ndipo muziitaya pambuyo pa filimu iliyonse.
4. Mwawalitsa kwambiri n'kutsuka pang'ono. Nthawi yowalitsa imalamulira mbali yopyapyala ya filimu, developer imalamulira mbali yakuda. Ngati mithunzi pa negetivu yaikulu yadera pamodzi ndi zonse, chepetsani kuwala, talikitsani developer.
5. Mankhwala azizira. Hydroquinone imafooka kwambiri kutentha kukatsika.

Negetivu imene yatsala pang'ono kufika mungaikweze mu selenium toner yosungunula 1:3, itakhala kuti inakhala mu fixer mokwanira. Imakwerako pang'ono chabe, siichita zozizwitsa. Valani magolovesi, tsegulani mpweya.

## Timabowo ndi timadontho

Musanatsuke chilichonse, yang'anani kadonthoko ndi galasi lokulitsira, chifukwa maonekedwe ake amanena kumene kanachokera.

- Kakuda pa negetivu yaikulu, kokulirapo: fumbi linali pa negetivu yoyambayo kapena pa filimu popanga pozitivu.
- Koonekera kuseri, kokulirapo, kooneka ngati ulusi kapena katsitsi: fumbi linali pa pozitivu mu enlarger.
- Koonekera kuseri, kakang'onong'ono, kakuthwa m'mbali: fumbi linali pa filimu yaikuluyo powalitsa, kapena emulsion, mbali ya filimu yomva kuwala, yabooka.
- Kozungulira bwinobwino: thovu la mpweya linakakamira pa filimu mu developer.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

1. Fumbi. Filimu ya polyester imakoka fumbi, makamaka mpweya ukauma. Pukutani tebulo ndi nsalu yonyowa ntchito isanayambe, dulani filimu pamalo oyera, iuzireni ndi kampira kopopera mpweya musanawalitse. Musaiuzire ndi pakamwa.
2. Stop bath ya asidi, yoimitsira developer. Developer ya carbonate monga Dektol ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya mkati mwa emulsion, ndipo ya litho ndi yopyapyala. Gwiritsani ntchito madzi okha kwa mphindi imodzi, mukuwasintha.
3. Thovu. Viikani filimu m'madzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri isanalowe mu developer, ndipo gwedezani mosalekeza mphindi yoyamba.
4. Ufa wa mankhwala wosasungunuka bwino. Umasiya timadontho takuda tokhala ndi kamchira. Sefani, kapena sakanizani dzulo lake.
5. Filimu yeniyeniyo. Litho siinapangidwire zithunzi za mtundu uwu, ndipo timabowo tingapo timapezeka ngakhale mutasamala bwanji.

Kabowo koonekera kuseri kamasindikiza kakuda, ndipo kadontho kakuda pa platinamu n'kovuta kuchotsa. Kaphimbeni ndi penti wotchinga kuwala (opaque) kapena cholembera chofiira chosongoka, kumbuyo kwa filimu osati ku emulsion. Pa chithunzi kadzatuluka koyera, kenako mudzakadzaza ndi penti wa madzi.

## Mawanga, mizere, m'mbali mwakuda kuposa pakati

Yambani mwasiyanitsa vuto la thireyi ndi la enlarger. Chotsani negetivu, walitsani filimu yonse kuti ituwe pang'ono, n'kuitsuka monga mwa masiku onse. Ngati makona onse anayi apyapyala mofanana, ndi enlarger. Ngati m'mbali mwada kapena muli mafunde, ndi thireyi.

1. Thireyi yothina. Developer imagunda m'mbali n'kubwerera pa filimu, m'mphepete n'kutsukika kwambiri. Filimu ya 8x10 itsukireni mu thireyi ya 11x14, ya 11x14 mu ya 16x20.
2. Nthawi yaifupi. Pansi pa mphindi zitatu kapena zinayi, kuchedwa kulikonse pomiza filimu kumasiya mzere. Sungunulani developer kuti nthawi italike.
3. Kumiza filimu pang'onopang'ono. Pendeketsani thireyi, lowetsani filimu emulsion ili m'mwamba, tsitsani thireyi kuti funde limodzi liphimbe yonse.
4. Kugwedeza mbali imodzimodzi. Muzikweza mbali zonse zinayi mosinthana.
5. Mizere ya pansi pa thireyi. Filimu zambiri za X-ray zili ndi emulsion mbali zonse ziwiri, ndipo ya pansiyo imakandika ndi kutsukika mosiyana. Pamafunika thireyi yosalala pansi, kapena galasi loyala pansi pake.
6. Lenzi yosakwanira. Ya 50mm ndi ya filimu ya 35mm, ya 75 kapena 80mm ndi ya 6x6, ya 105mm ndi ya 6x9, ya 135 kapena 150mm ndi ya 4x5. Amene akulitsa pozitivu ya 4x5 ndi lenzi ya 80mm adzaona makona akusowa. Onaninso ngati ma condenser aikidwa molingana ndi lenziyo.
7. Madontho a madzi pouma. Tsukuluzani komaliza m'madzi a distilled okhala ndi Photo-Flo 1:200, pachikani pa kona imodzi.

## Chifunga: filimu yonse yatuwa, ngakhale m'mphepete

Yang'anani m'mphepete mmene munaphimbidwa ndi easel, chogwirira filimu pansi pa enlarger. Ngati namonso mwatuwa, vuto ndi nyali, filimu kapena mankhwala. Ngati muli mbee koma mkati mwa chithunzi mwatuwa, vuto ndi kuwala kosochera pa nthawi yowalitsa.

1. Nyali yolakwika. Nyali yachikasu ya mtundu wa OC, imene ndi yabwino pa pepala, imadetsa filimu ya ortho. Pamafunika yofiira, monga fyuluta ya Kodak 1A, babu la mawati 15, pa mtunda wosachepera mamita 1.2. Mababu ena ofiira a LED amatulutsanso kuwala kobiriwira kumene maso sakuona. Onetsani kuwala kwake pa CD, ndipo mukaona mzere wobiriwira kapena wachikasu musalikhulupirire. Kuyesa kwenikweni: walitsani kachidutswa ka filimu kuti katuwe pang'ono, ikanipo ndalama yachitsulo, kasiyeni pa nyaliyo mphindi 2, kena 4, kena 8, n'kutsuka. Chozungulira chikaoneka, mwadziwa malire anu.
2. Easel yoyera. Kuwala kumapyola filimu n'kubwerera. Yalani pepala lakuda pansi pake nthawi zonse.
3. Enlarger ikudontha kuwala m'mbali mwa chogwirira negetivu, kapena m'mphepete mwa pozitivu simunaphimbidwe. Phimbani ndi pepala lakuda kuti kuwala kudutse pa chithunzi pokha.
4. Fixer yatopa. Filimu imaoneka ngati yathiridwa mkaka. Pimani nthawi imene kachidutswa kamatenga kuti kayere mu fixer yatsopano. Filimu izikhalamo nthawi yowirikiza kawiri, ndipo nthawi yoyererayo ikadzawirikiza kawiri fixer yatha.
5. Fixer yagwera mu developer. Utoto wake umasintha mukapendeketsa filimu. Thireyi iliyonse ikhale ndi chopanira chake.
6. Filimu yakale kapena yosungidwa potentha. Tsukani kachidutswa kosawalitsidwa, kotengedwa mu mdima weniweni. Kakatuwa, ndi bokosilo.

Chifunga chochepa chimachoka mu Farmer's reducer yosungunula kwambiri, kwa masekondi ochepa, mukuyang'ana. Potassium ferricyanide imene ili mmenemo isakhudzane ndi asidi wamphamvu, chifukwa ingatulutse mpweya wa cyanide.

## Chithunzi chosathwa

Yang'anani pozitivu ndi galasi lokulitsira. Ngati grain (timachenga ta siliva) ya negetivu yoyambayo siikuoneka bwino pa pozitivu, musataye nthawi ndi enlarger.

1. Negetivu ndi filimu sizinagwirane bwino popanga pozitivu. Galasi lopepuka longosanjika pamwamba silikwanira. Gwiritsani ntchito contact frame yopana mwamphamvu, kapena galasi lolemera lokhala ndi siponji yakuda pansi.
2. Filimu yaikulu yapindika pa easel. Litho ndi yopyapyala ndipo imatukuka pakati. Imatireni m'makona, kapena ikani pa vacuum easel.
3. Focus mwaichitira pa easel yopanda kanthu. Ikani pepala lakuda lija ndi chidutswa cha filimu yomweyo pansi pa grain focuser.
4. Pozitivu yatukuka ndi kutentha kwa babu pakati pa kuwalitsa. Iyikeni pakati pa magalasi.
5. Kunjenjemera. Mutu wa enlarger ukakwera kwambiri, ngakhale kuyenda m'chipinda kumaonekera. Dikirani masekondi angapo mukaugwira.
6. Lenzi yatsekedwa kwambiri. Malenzi ambiri amathwa bwino atatsekedwa masitopu awiri kapena atatu. Pa f/22 diffraction imafewetsa chithunzi.
7. Mbali imodzi yokha ndiyo yosathwa. Chogwirira negetivu, lenzi ndi easel sizinalingane.

Palinso malire amene si vuto la wina aliyense. Kuchoka pa 35mm kufika 8x10 ndi kukulitsa pafupifupi ka 8, kufika 16x20 ndi pafupifupi ka 17, ndipo grain imakula chimodzimodzi. Filimu ya X-ray ya emulsion ziwiri nayo siingathwe ngati ya emulsion imodzi. Pepala lokhakhala la watercolour limabisako zimenezi. Pepala losalala silibisa kanthu.

## Chithunzi chatembenuka, kumanja kwapita kumanzere

Posindikiza komaliza emulsion ya negetivu iyenera kugona pa mankhwala a pepala. Kuti zitheke:

- Njira ya pozitivu: emulsion iyang'anane ndi emulsion pa magawo onse awiri. Mu enlarger pozitivu ikhale emulsion pansi.
- Njira ya reversal, kapena filimu ya duplicating: negetivu yoyambayo ilowe mu enlarger emulsion ili m'mwamba.

Pa filimu yokhala ndi timano m'mphepete, mukaiimika timanoto tili pamwamba kumanja, emulsion yayang'ana inu. Litho yambiri ilibe timano. Pa nyali yofiira mbali ya emulsion ndi yowalirapo, ya kumbuyo ndi yoderapo. Mukawalitsa kumbuyo mosadziwa, negetivu imatuluka yofooka kwambiri chifukwa kuwala kwadutsa mu utoto wotchinga.

## Mphete zamitundumitundu kapena zooneka ngati mizere ya chala

Izi ndi Newton's rings. Zimabadwa pamene kumbuyo kosalala kwa filimu kwakhudza galasi mosalingana, ndipo chinyezi chimaziwonjezera. Galasi la pamwamba likhale la anti-Newton, mbali yake yokhakhala itayang'ana kumbuyo kwa filimu. Lisakhale pansi, pakati pa filimu ndi lenzi. Ngati mulibe, dulani pepala lakuda lopyapyala ngati felemu kuti filimu isakhudze galasi, ndipo umitsani zonse bwino.

## Mavuto a reversal

Kuno zinthu zimayenda chobwerera: mukawalitsa kwambiri koyamba, negetivu yomaliza imapyapyala. Ambiri amasokonezeka pomwepa n'kukonzera mbali yolakwika.

- Filimu yatuluka yoyera yonse. Yalowa mu fixer isanatsukidwe kachiwiri. Fixer imabwera kumapeto kwenikweni. Chotsani thireyi yake pa mzere mpaka nthawi yake itakwana.
- Mithunzi yatuwa, palibe poonekera kuseri. Kuwalitsa koyamba kapena developer yoyamba zinachepa, ndiye zotsala zinachuluka. Developer yoyamba iyenera kukhala yamphamvu ndi yokwanira nthawi.
- Malo owala ada mopitirira. Flashing ndiyo imatsitsa mbali imeneyi.
- Zigamba za pozitivu zatsalira. Bleach inatopa kapena nthawi inachepa. Siliva yense wakuda achoke filimu isanapite patsogolo, ndipo nyali yoyera isayatsidwe bleach isanagwire ntchito yake.
- Utoto wachikasu kapena wofiirira. Clearing bath inachepa. Bleach ya dichromate imayeretsedwa ndi sodium sulfite, ya permanganate ndi metabisulfite.
- Emulsion ikusupuka. Permanganate imafewetsa gelatin. Isungunuleni, sungani mankhwala onse pa kutentha kumodzi, musakhudze emulsion. Ikasakanizidwa ndi asidi siikhalitsa, ndiye sakanizani pa nthawi yomwe mukuifuna.

Kwa oyamba kumene ndimalimbikitsa njira ya pozitivu. Reversal imachepetsa fumbi ndi filimu, koma ili ndi mankhwala oopsa ndipo mpata wokonzera contrast ndi wochepa.

## Negetivu ikuoneka bwino koma pepala likukana

1. Maso amaona kuwala wamba, pepala limaona UV. Negetivu ya pyro, kapena ya litho yofiirira, imatchinga UV kuposa mmene ikuonekera, ndipo densitometer (chopimira density) wamba siinena zoona pa iyo. Yesani pa pepala lenilenilo.
2. Galasi kapena pulasitiki ya contact frame ikutchinga UV. Magalasi ena oikira zithunzi pakhoma anapangidwira zimenezo. Ikani galasi wamba.
3. Filimu yake imatchinga UV. Kodak T-Max 100 ndi yodziwika ndi zimenezi: ndi yabwino pa pozitivu, koma osati pa negetivu yomaliza.
4. Negetivu yamatirira kapena yachita mawanga. Pepala linali lisanaume. Mawanga a mankhwala a chitsulo kapena a siliva pa emulsion sachoka. Pa njira zimene zimafuna pepala lachinyezi, ikani pulasitiki ya Mylar yopyapyala kwambiri pakati.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

Negetivu yakale kapena yosabwezereka. Isalowe mu enlarger yotentha ngati:

- m'mphepete mwalembedwa NITRATE, kapena ndi filimu ya chisanafike chaka cha 1951 yosalembedwa SAFETY; cellulose nitrate imayaka mwaukali ndipo siizimitsika wamba;
- ikununkha viniga, yakhwinyata kapena yachita matuza;
- ndi ya galasi ndipo emulsion ikufundukuka kapena galasi lang'aluka;
- yamera nkhungu kapena yamatirirana ndi inzake. Musaiviike m'madzi, chifukwa gelatin yodyedwa ndi nkhungu imasungunuka.

Zoterezi ndi za katswiri wosamalira zithunzi zakale, amene amapezeka m'malo osungira zakale ndi m'nyumba za mbiri.

Magetsi. Enlarger ikakugwirani shoko, ikanunkha kupsa, waya wake akasupuka, kapena kuwala kukamaphethira ngakhale mwasintha babu, zulani pulagi. Mutu wa cold light uli ndi transformer ya mphamvu yaikulu, musautsegule nokha. M'chipinda mmene muli madzi, mawaya aikidwe ndi wodziwa zamagetsi.

Enlarger yopindika kapena lenzi yomera nkhungu mkati. Ngati mwalinganiza ndi zomangira zake koma mbali imodzi ikukanabe, pitani nayo kwa wokonza makamera. Lenzi yomasulidwa kunyumba kawirikawiri siibwerera mwakale.

Thupi lanu. Pitani kuchipatala, mutatenga botolo kapena dzina la mankhwalawo, ngati:

- mankhwala agwera m'maso; yambani mwatsukuluza ndi madzi oyenda kwa mphindi 15;
- khungu la m'manja likuyabwa, kutupa kapena kung'ambika; metol imayambitsa zimenezi kwa anthu ena, ndipo zikayamba zimabwereranso;
- mukubanika, kutsokomola kapena kumva mutu mukasakaniza mankhwala; tulukani panja kaye;
- wina wameza mankhwala alionse.

Dichromate ndi sulfuric acid. Potassium dichromate imayambitsa khansa ndipo imalowa kudzera pa khungu ndi m'mapapo. Ngati mulibe magolovesi a nitrile, magalasi otchinga maso, chophimba mphuno choyenera posakaniza ufa, ndi mpweya wotuluka bwino, musayambe reversal. Asidi amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono. Madzi sathiridwa mu asidi. Zikatayikira zambiri pansi, tsegulani mpweya, tulutsani anthu ndi ziweto, ndipo funsani odziwa za mankhwala oopsa.

Bleach yogwiritsidwa ntchito, selenium toner ndi fixer yodzaza siliva musazithire mu sinki kapena pa nthaka. Zisungeni m'mabotolo osiyana, olembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku, otsekedwa bwino, kutali ndi ana, ndipo muzipereke kwa amene ali ndi chilolezo chotaya zinyalala za mankhwala.